Mmene mungayendere pa njinga ku Rumphi, Nyika ndi Livingstonia osathera panjira

Ambiri amene amanyamuka pa njinga yakapalasa kukaona Nyika kapena Livingstonia amabwerera panjira miyendo ikadali ndi mphamvu. Chowabweza ndi kuwerengera ulendo ndi makilomita okha. Munthu wozolowera msewu wosalala wa Lilongwe ndi Mchinji akaona pa mapu kuti kuchoka ku Chitimba kufika ku Livingstonia ndi makilomita pafupifupi 15, amati ola limodzi likwana. Saganiza kuti makilomita amenewo akumuchotsa pagombe la nyanja n'kumukweza pamwamba pa phiri, pa msewu wamiyala wa makona okhaokha. Boma la Rumphi ndi lotere ndithu: mtsinje wa South Rukuru wadula mapiri pa Njakwa, Nyika yayala udzu wake pamwamba mamita oposa 2,000, ndipo kum'mawa dziko limangogwera kunyanja mwadzidzidzi. Kuno ulendo wa tsiku umayezedwa ndi zitunda, ndi komwe mungapeze madzi, ndi nthawi yomwe dzuwa lilowe.

Njira yomwe ndikulongosola ndi yozungulira: Mzuzu, Njakwa, Rumphi, Bolero, Thazima (geti la paki ya Nyika), Chelinda (kampu ya m'kati mwa pakiyo), kubwerera ku Rumphi, kukwera ku Livingstonia kudzera njira yakumbuyo, kutsika msewu wamakona wa Gorodi kufika ku Chitimba, kenaka kubwerera ku Mzuzu kudzera pa chitunda cha Chiweta. Ipatseni masiku 10 kapena 11. Amene ali ndi masiku 6 okha asiye chigawo cha Nyika, adzachiyende ulendo wina.

## Zofunika musananyamuke

Njinga. Ikhale ya magiya, makamaka giya lopepuka kwambiri loti miyendo izizungulira msanga pa chitunda ngakhale muli ndi katundu. Matayala akhale onenepa, a mano. Ngati mukusankha, tengani ya matayala a mainchi 26, chifukwa machubu ndi matayala ake amapezeka ngakhale pa sitolo ya pa tauni yaing'ono, pomwe a njinga zothamangitsana mukhoza kuwasowa mpaka mutabwerera ku Mzuzu. Njinga ya giya limodzi yomangira buleki popondera pedulo chakumbuyo ndi yolimba pa ntchito ya kumudzi, koma pa mtsetse wautali buleki yake imatentha n'kusiya kugwira. Musatsike nayo Gorodi kapena Chiweta mutakwera.

Zokonzera njinga:
- mpope wogwirizana ndi valavu ya machubu anu, uyeseni kunyumba
- machubu awiri atsopano, zigamba, solushoni ndi kasandipepa
- zitsulo zovulira tayala
- masipanala a saizi ya manati a njinga yanu, pulayala, sikuludiraiva, ndi makiyi a Allen ngati njinga yanu imawafuna
- labala wa mabuleki watsopano, wa kutsogolo ndi kumbuyo, kuwonjezera pa amene mwaika kale
- waya wa buleki mmodzi ndi wa magiya mmodzi
- masipoko anayi kapena asanu a saizi yanu ndi kachitsulo kokungira
- cholumikizira tcheni, kabotolo ka oyilo ndi kansanza
- malegeni ambiri, ndi chidutswa cha tayala lakale chotchingira mkati tayala likang'ambika

Za pathupi. Chisoti, magolovesi, juzi lokhuthala, jekete losalowa madzi, chipewa chofunda makutu, sokosi zambiri. Zovala zopalasira zikhale zowala, osati zakuda kapena zabuluu wakuda. Chifukwa chake muchimva pa sitepe 5. Bulangete kapena chikwama chogonamo chofunda ndithu, neti yoteteza udzudzu, tochi, ndi nyali za njinga kutsogolo ndi kumbuyo.

Madzi ndi mankhwala. Mabotolo okwana malita 4 kapena 5, mankhwala oyeretsera madzi monga WaterGuard, mapaketi a Thanzi ORS, bandeji, mankhwala otsukira bala ndi ochepetsa ululu.

Ndalama ndi mapepala. Chiphaso cha unzika kapena pasipoti, chifukwa pa M1 pali malodibuloko. Ndalama zapamanja, zambiri mwa izo zing'onozing'ono. Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza m'matauni, koma kumtunda netiweki imasowa. Tapani ndalama ku Mzuzu. Musasiye zonse kuti mukatape ku Rumphi.

## Sitepe 1: Sankhani mwezi

Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka August. Misewu yafumbi imakhala itauma, kutentha kwa m'chigwa kumakhala kusanayambe. Mtengo wake ndi kuzizira: ku Chelinda mu June ndi July udzu umadzuka utayera ndi chisanu, ndipo zala zimakanika kugwira buleki m'mamawa. September ndi October pamwamba pa Nyika pamakoma, koma ku Bolero ndi kunyanja dzuwa limaswa mtengo, fumbi limachuluka, ndipo utsi wa moto wolusa umabisa mapiri.

Chenjezo: musakopeke ndi maluwa. Nyika imakongola kwambiri nthawi ya dzinja, pamene maluwa a m'tchire amitundumitundu amatuluka mu January ndi February, koma matope a misewu ya kumeneko amamatirira pa tayala mpaka gudumu kuleka kuzungulira. Kumpoto mvula imachedwanso kusiya, nthawi zina mpaka mu April.

## Sitepe 2: Yesani njinga ili ndi katundu wake yense

Sabata ziwiri musananyamuke, mangani katundu yense monga mudzamangire pa ulendo, mudzaze mabotolo, n'kupita pa chitunda chachikulu chomwe chili pafupi ndi kwanu. Chikwereni, muchitsike, mubwerezenso. Mudzaona zinthu zitatu zomwe simungazione njinga ili pabwalo: ngati giya lanu lopepuka likukwanira, ngati keliyala ikugwedezeka, ndi kutalika kwa mtunda womwe njinga yolemera imafuna kuti iime.

Pitani nayo kwa wokonza njinga, ndipo muime pomwepo pamene akugwira ntchito. Akunge masipoko onse, athire girisi m'mahabu, asinthe mawaya ofooka, amange manati a keliyala. Mupempheni akuonetseni kusintha sipoko ndi kulumikiza tcheni, kenaka muchite nokha iye akuyang'ana. Pakati pa Thazima ndi Chelinda mulibe wokonza njinga wa pansi pa mtengo.

Chishalo chatsopano musachiyambire pa ulendo. Chomwe thupi lanu linazolowera ndicho mupite nacho.

## Sitepe 3: Mangani katundu pansi, osati m'mwamba

Zolemera zonse, monga zitsulo, chakudya ndi madzi, zikhale m'zikwama ziwiri zolendewera mbali zonse za keliyala, zolemera mofanana. Pamwamba pa keliyala ikani zopepuka: chogonamo ndi zovala. Katundu wosanjikiza m'mwamba, monga timamangira matumba a makala, amakoka njinga pa kona ndipo amanyamula gudumu lakutsogolo pa chitunda. Ngati n'kotheka, kachikwama kena kakhale pa handulo kuti kutsogolo kulemereko. Kumsana musabereke kanthu kolemera.

Katundu yense, osawerengera madzi, asapitirire makilogalamu 15. Onetsetsani kuti palibe nsonga ya legeni kapena lamba wolendewera pafupi ndi masipoko.

## Sitepe 4: Mzuzu kupita ku Rumphi

Ndi makilomita pafupifupi 70 a msewu wa tala, ndipo ndi tsiku lofewa kuposa onse. Nyamukani kukangocha. Mudutsa Ekwendeni patatha makilomita ngati 20, kenaka Enukweni, msewu ukutsika pang'onopang'ono kulowera kuchigwa. Yendani kumanzere kwenikweni. M1 ndi njira ya magalimoto akuluakulu ochokera ku Tanzania, makamaka a mafuta, ndipo mukamva hutala kumbuyo pamene kutsogolo kukubweranso ina, tsikani pa tala muime. Palibe chamanyazi pamenepo.

Mukapatuka pa M1 kulowera ku Rumphi mufika pa Njakwa. Apa imani ndithu. Mtsinje wa South Rukuru, womwe wayenda modekha kuchokera ku Mzimba, umapanikizika pakati pa mapiri awiri amiyala, ndipo msewu umadzipanikizanso momwemo. Tsamiritsani njinga kutali ndi msewu, osati pa mlatho penipeni, chifukwa malo ndi opapatiza ndipo oyendetsa magalimoto sakuonani msanga.

Ku Rumphi ndi komaliza kupeza sitolo zazikulu. Gulani mpunga, shuga, mchere, mtedza, buledi, masamba a tiyi ndi machesi zokwanira masiku anayi. Gonani pa resitihausi, mutchaje foni.

Kuyambira pano muli pakati pa Atumbuka. Chichewa amamva, koma moni wa kwawo umatsegula njira: "Monire" pofika, "Muli uli?" pofunsa za moyo, "Yewo" pothokoza. Musanafunse njira kapena madzi, tsikani pa njinga, mupereke moni wonse, makamaka kwa akuluakulu.

## Sitepe 5: Rumphi kupita ku Thazima

Musanachoke ku Rumphi, kapena bwino koposa musanachoke kwanu, lankhulani ndi a Dipatimenti yoona za mapaki ndi nyama zakutchire. Funsani zinthu zinayi: ngati akulolani kulowa m'paki pa njinga nthawi imeneyo, ngati mukufunika kuperekezedwa ndi msilikali wa m'paki, mtengo wolowera, ndi nthawi yomwe geti limatsegulidwa ndi kutsekedwa. Konzaninso za malo ogona ku Chelinda. Kufika pa geti mutapalasa tsiku lonse n'kuuzidwa kuti mubwerere n'kowawa, ndipo n'kopeweka.

Kuchoka ku Rumphi kufika pa geti la Thazima ndi makilomita pafupifupi 55. Mudutsa ku Bolero, kwa Themba la Mathemba Chikulamayembe. Dzazani mabotolo onse kumeneko ndipo mudye nsima. Kupitirira apo konzekerani fumbi, mchenga ndi timizere topingasa msewu tomwe timagwedeza njinga mpaka manati kumasuka. Phwetsani matayala pang'ono kuti agwire nthaka, koma osafika poti limu izigunda miyala. Mukalowa mumchenga musamange buleki yakutsogolo ndipo musakhotetse handulo. Tsitsani giya, thupi libwerere kumbuyo, muzipalasabe. Nyengo yogulitsa fodya mumakumana ndi malole a mabelo, ndipo fumbi lake limatseka maso kwa kanthawi. Imani lidutse.

Dera lino layandikana ndi nkhalango ya Vwaza, komwe kuli kashembe, ntchentche zofalitsa matenda a kaodzera. Zimakopeka ndi mtundu wakuda ndi wabuluu wakuda, komanso zimatsata chinthu choyenda. N'chifukwa chake ndinati muvale zowala, za manja aatali. Mukalumidwa, kenaka patatha masiku n'kumva malungo, mutu, kapena kuona chotupa pomwe munalumidwa, pitani kuchipatala msanga ndipo muwauze kuti munadutsa kufupi ndi Vwaza. Kungoganiza kuti ndi malungo wamba n'koopsa.

Makilomita omaliza kufika ku Thazima ndi chitunda. Gonani cha pageti pomwepo, mutapempha chilolezo kwa ogwira ntchito pamenepo, kuti mawa mulowe geti likangotsegulidwa. Mukapeza uchi wa alimi a njuchi a m'mphepete mwa paki, gulani, mudzaufuna mawa.

## Sitepe 6: Thazima kupita ku Chelinda

Ili ndiye tsiku lalikulu. Makilomita ndi pafupifupi 60, mulibe mudzi, sitolo kapena mjigo, ndipo kugona panjira m'paki sikuloledwa. Chelinda ili pa mamita pafupifupi 2,300, koma simukwera kamodzi n'kuthana nazo. Msewu umakwera, n'kutsikira ku kamtsinje, n'kukweranso, ndipo chitunda chilichonse chomwe mwataya mumachilipiranso. Wonyamula katundu ayembekezere maola 8 kapena kuposerapo.

Gawani tsikuli motere. Dziikireni malire: ikafika 11 koloko musanathe theka la njira, musadzinamize kuti mufulumira masana. Pemphani galimoto iliyonse yopita ku Chelinda ikutengeni, kapena bwererani ku geti. Magalimoto m'njira imeneyi ndi ochepa kwambiri, choncho yoyamba kudutsa ikhoza kukhala yomaliza.

Chigawo choyamba ndi nkhalango ya miombo, ndipo ndi komwe njovu zimakonda. Yang'anani ndowe zatsopano, nthambi zothyoka ndi mapazi pa fumbi. Mukaona njovu patsogolo, imani patali, musalize belu, musayese kudutsa mothamanga. Bwererani pang'onopang'ono mudikire zichoke zokha, ngakhale patenge ola. Ngati muli ndi msilikali wa m'paki, zomwe wanena ndizo muchite.

Mitengo ikayamba kuchepa mumatulukira pa udzu wokhawokha, mapiri osalala otsatizana mpaka komwe maso alekezera. Pena msewu umayenda m'malire a Zambia, pakuti kachigawo kena ka Nyika kali mbali imeneyo. Kuno ndi kwa mbidzi, nchefu, chilembwe ndi mphoyo, ndipo wa pa njinga amaziona bwino kuposa wa m'galimoto chifukwa alibe phokoso. Koma kuno kulibenso pobisala mphepo. Valani juzi musanayambe kumva kuzizira, makamaka mukafika pamwamba pa chitunda thukuta lili thupi lonse. Mpweya wa kumwamba ndi wopepuka, mudzapuma mwawefuwefu pa zitunda zomwe kwanu simukanaziwerengera. Idyani kanthu ola lililonse, mtedza, nthochi, buledi wa uchi, ngakhale njala musakuimva. Madzi a m'mitsinje ndi oyera m'maso, komabe athireni mankhwala.

Nkhungu ikagwa, yatsani nyali, musachoke mumsewu waukulu ngakhale pang'ono. Tinjira tambiri ta m'paki timafanana.

Mukaona nkhalango ya paini patsogolo, mwayandikira Chelinda. Pumani tsiku lathunthu kumeneko. Tsitsani katundu, muzungulire ndi njinga yopepuka kumadamu, ku Chosi kapena ku nyanja yaing'ono ya Kaulime, mutafunsa kaye a pakampu njira zololedwa. Tsiku limeneli musalidumphe, ndilo mwavutikira.

Pobwerera ku Thazima musaganize kuti n'kungotsetsereka. Zitunda zomwe munatsika pobwera zikukudikirani, ndipo mitsetse yake ili ndi miyala yoyendayenda. Komabe wolimba akhoza kufika ku Bolero kapena ku Rumphi tsiku lomwelo ngati wanyamuka m'mamawa.

## Sitepe 7: Rumphi kupita ku Livingstonia kudzera kumbuyo

Pali njira ya pansi yochoka ku Chelinda kutsikira ku Livingstonia, ya masiku atatu, koma ndi ya oyenda wapansi ndi mlonda. Si ya njinga ya katundu.

Inu bwererani cha ku Njakwa n'kutenga msewu wodutsa ku Mhuju ndi Lura, womwe umayenda m'munsi mwa Nyika kulowera kumapiri a Aphoka. Ine ndimalangiza njira imeneyi m'malo mokwera Gorodi, chifukwa imakukwezani pang'onopang'ono, ili ndi midzi, mijigo ndi timisika, ndipo mulibe magalimoto a pa M1. Funsani ku Rumphi momwe msewu ulili chaka chimenecho. Oyendetsa njinga zamoto za kabaza ndi amene amadziwa bwino kuposa aliyense. Muwafunse kuti "pali zitunda zingati zazikulu" ndi "mjigo womaliza uli pati", osati "ndi patali bwanji", chifukwa yankho la funso lomalizali nthawi zonse ndi lakuti mwatsala pang'ono.

Upatseni masiku awiri. Dzuwa likapendeka musanapeze resitihausi, pitani kwa a mfumu, kwa aphunzitsi aakulu a pasukulu kapena kwa akuluampingo, mufotokoze komwe mwachokera ndi komwe mukupita, mupemphe malo. Chitani zimenezi kukadali kowala, cha m'ma 4 koloko. Mlendo wofika mumdima amadetsa nkhawa eni mudzi. Pochoka siyani kangachepe, kaya shuga kaya sopo.

Chakumapeto msewu umalowa m'mapiri momwe alimi amalima khofi, ndipo zitunda zimafupika koma zimaima. Kukankha njinga apa n'chinthu wamba. Kankhani muli kumanzere kwa njinga, dzanja lili pa buleki, kuti mukaima kupuma isabwerere m'mbuyo.

Ku Livingstonia, komwe Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni mu 1894, kuli malo ogona, msika, chipatala cha David Gordon Memorial ndi nyumba ya Stone House yosungiramo zinthu zakale. Gonani, ndipo madzulo omwewo chitani ntchito ya sitepe yotsatirayi.

## Sitepe 8: Kutsika Gorodi

Apa ndi pomwe pamavulala anthu. Msewu wa Gorodi uli ndi makona akuthwa pafupifupi 20 pa makilomita ngati 15, mbali imodzi khoma la phiri, mbali ina phompho. Wotopa ndi zitunda za masiku apitawo amauona ngati mphoto, n'kumasula mabuleki.

Madzulo a dzulo lake, yang'anani labala wa mabuleki. Ngati timizere take tafufutika, ikani watsopano. Kungani mawaya kuti buleki izigwira chogwirira chisanafike pa handulo. Pukutani malimu ndi kansanza kouma, pasakhale oyilo. Gwedezani gudumu lililonse ndi dzanja muone ngati lili lolimba, mumangenso manati a keliyala. Tsitsani chishalo pang'ono kuti mapazi azifika pansi msanga.

M'mawa, patatha makilomita ngati 4, imani pa mathithi a Manchewe, omwe madzi ake amagwa mamita pafupifupi 125. Siyani njinga pamalo otetezeka, mutenge wokuperekezani wa pompo ngati mukufuna kutsikira ku mphanga ya kuseri kwa madzi. Miyala yake ndi yoterera, ndipo m'mphepete mwa phompho musayandikire chifukwa cha chithunzi.

Potsika penipeni tsatani izi:

1. Thupi libwerere kumbuyo kwa chishalo, mikono ndi mawondo zikhale zopindika pang'ono, mapedulo akhale mopingasa.
2. Gwiritsani ntchito mabuleki onse awiri. Yakutsogolo ndiyo imaimitsa njinga, yakumbuyo yokha imangokhwekhwereza tayala. Koma yakutsogolo ifinyeni mofatsa, ndipo muimasule gudumu likakhala pa mchenga kapena pa miyala yoyendayenda.
3. Musagwire buleki mosalekeza. Finyani mwamphamvu liwiro litsike, masulani kamphindi, finyaninso.
4. Chepetsani liwiro musanalowe pa kona, njinga ikadali yowongoka. Mkati mwa kona si momangira buleki.
5. Khalani mbali yanu. Magalimoto okwera amatenga kona yonse kuti akhote, ndipo njinga zamoto zimatulukira mwadzidzidzi. Lizani belu pa kona iliyonse, makutu akhale tcheru, zomvera nyimbo zikhale m'chikwama.
6. Pakatha makona atatu kapena anayi alionse, imani.

Kuima kumeneku kuli ndi ntchito yake. Tsikani, muyandikize kuseri kwa zala pa limu. Ikakhala yotentha moti simungaigwire kwa kamphindi, dikirani izizire, chifukwa limu yotentha imafewetsa labala wa buleki, imasungunula solushoni wa zigamba zakale, ndipo imatha kuphulitsa chubu. Mukamva fungo la labala wopserera, mwachedwa kale kuima. Ngati njinga yanu ili ndi mabuleki a disiki, chitsulocho musachikhudze n'komwe, chimawotcha. Ndipo musachithire madzi, chimapindika. Tambasulani zala, pakuti manja otopa amasiya kufinya mwini wake asakudziwa. Nyanja ili apo pansi panu, yang'anani muli chiimire. Poyenda maso akhale pa msewu.

Kona iliyonse yomwe mtima wakayika, tsikani muyende wapansi. Mvula ikagwa usiku, dikirani msewu uume kapena muyende wapansi njira yonse.

## Sitepe 9: Kunyanja ndi chitunda cha Chiweta

Ku Chitimba mufika kotentha, juzi lija likhala katundu chabe. Idyani kondowole ndi usipa, mupume. Gonani mu neti, chifukwa kunyanja udzudzu ndi wambiri, ndipo posamba pewani madzi odekha a m'mabango momwe mumakhala nkhono za likodzo.

Kubwerera ku Mzuzu ndi makilomita oposa 120 pa M1, ndipo pachiyambi pomwe pali chitunda cha Chiweta. Ndi cha tala, koma n'chachitali, chokhotakhota, ndipo magalimoto olemera amakwera ndi kutsika momwemo, ena mabuleki atatentha. Nyengo yozizira mphepo ya mwera imawomba kuchokera kumwera, kutanthauza kuti mudzalimbana nayo maso ndi maso. Yambani kukwera kukangocha, muvale chowala, nyali yakumbuyo ikhale yoyaka. Musagwirire kumbuyo kwa lole kuti ikukokeni, monga amachitira anyamata ena. Dalaivala sakukuonani, ndipo akasintha giya mumagwera pansi pa matayala. Anyani a pamenepo anazolowera kupatsidwa zakudya, choncho nthochi zisaonekere pa keliyala.

Kunena zoona, wotopa akweze njinga pa minibasi kapena pa matola mpaka pamwamba. Chigawo chokoma chili kutsogolo: chigwa cha Henga, komwe msewu umatsata South Rukuru kudutsa Mzokoto, Phwezi ndi Bwengu. Pokweza njinga, chotsani zikwama ndi mpope, ndipo muone nokha momwe akuimangira kuti chosinthira magiya chakumbuyo chisapanikizidwe. Gonani m'chigwamo, mawa lake mumalize ulendo wa ku Mzuzu, womwe chakumapeto ndi wokwera.

## Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Kunyamuka dzuwa litakwera. Kuno kumada cha m'ma 6 koloko, ndipo m'zigwa mdima umafulumira. Ola lomwe mwataya m'mawa mukumwa tiyi mudzalifuna madzulo muli pakati pa phiri.

Kukwera chitunda ndi giya lolemera. Kuimirira pa mapedulo n'kumakankha ndi mphamvu kumadula tcheni ndi kupweteka mawondo. Sinthani giya chitunda chisanayambe, tcheni isanakungike.

Kudutsa mjigo mabotolo ali theka. Dzazani paliponse pomwe mwapeza madzi. Mkodzo ukayamba kuda, sungunulani paketi ya Thanzi, musadikire mutu.

Kudalira mapu a pafoni okha. Netiweki imasowa, batire limatha msanga kozizira. Lembani mayina a malo motsatana pa pepala, ndipo muuze wachibale tsiku lomwe mukuyembekezeka kufika pamalo alionse, kuti mukapanda kumveka adziwe koyambira kufunsa.

Kuthira oyilo wambiri pa tcheni. Pa msewu wafumbi oyilo amasanduka phala lodya zitsulo. Pukutani tcheni madzulo alionse, donthezani oyilo pang'ono, pukutaninso.

Kumata chigamba osafufuza m'tayala. Munga womwe waboola chubu nthawi zambiri umakhala ukadali momwemo. Yendetsani zala mkati mwa tayala lonse musanabwezeretse chubu, ndipo dikirani solushoni aume asanalandire chigamba.

Kupitiriza ulendo sipoko itaduka. Imodzi ikaduka, zinzake zimasenza katundu wake n'kuyamba kuduka motsatana, gudumu n'kupindika. Sinthani pomwepo, kapena masulani buleki pang'ono mukafike kwa wokonza woyandikira.

Kusiyana pagulu. Wamphamvu amathamangira kutsogolo ndi mpope ndi masipanala, wofooka n'kuponchera kumbuyo alibe kanthu. Gwirizanani kuti muzidikirana pamwamba pa chitunda chilichonse ndi pa mphambano iliyonse, ndipo zitsulo zokonzera azinyamula amene ali kumbuyo.